Mapiritsi m'Chitini cha Mabatani

Chizindikiro choyamba chinali sizasi m'firiji. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata a nyumba yathu ku Kabwata. Amayi anafunafuna sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu paliponse, pansi pa mipando, m'thumba la zidutswa, mpaka kubafa. Ine ndinakaipeza nditapita kukatenga madzi ozizira. Inali itagona bwinobwino pamwamba pa mbale ya kapenta wadzulo.

"Iwe Tiya!" anakuwa amayi. "Sizasi yanga mu filiji? Uzakula liti iwe?"

Ndifotokoze chifukwa chake mlandu unagwera ine osafunsa. Dzina langa ndine Tiyanjane, ndili kusekondale, ndipo kwathu chinthu chikasowa, nkhani imayambira pa ine n'kutheranso pa ine. Ndine amene ndinasoka miyendo ya thalauza la amalume iwo akugona masana. Ndinenso amene ndinaika chule m'bokosi la choko la aphunzitsi a masamu, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti tsiku limenelo chule anaphunzitsa bwino kuposa iwo. Palibe chimene ndimanong'oneza nacho bondo pa zonsezi. Koma sizasi ija sindinaikhudze.

Ndinayang'ana nkhope ya amayi. Pakamwa pankakalipa, koma maso anali ndi mantha. Ankandipempha kuti ndivomere. Ndiye ndinaseka n'kunena kuti, "Ninafuna izizileko, Amama, kwatentha maningi." Anandiponyera patapata, linandiphonya, tsiku n'kupitirira.

Amayi ndi telala pamsika wa Kabwata. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho m'nyumba tilimo awiri. Zaka ziwiri izi zisanachitike, amayi anamva kachotupa m'bere lakumanzere akusamba. Sikankapweteka, ndiye anakasiya miyezi ingapo. Atapita kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, kumene anadula kanyama kukayeza, ndipo zotsatira zinati ndi khansa. Bere linachotsedwa. Kenako kunabwera kemo, mankhwala a m'dripi amene anawagwetsa tsitsi lonse ndi kuwasanzitsa mpaka kutsala mafupa. Chipatala sichili kutali ndi kwathu. Tinkapita wapansi m'mamawa, kuika kadi pamulu wa makadi, n'kukhala pabenchi kudikira dzina, koma pobwerera tinkafuna takisi chifukwa miyendo yawo inkakana. Kemo itatha kunabwera makina owotcha pabala. Potsiriza adokotala anati khansa yawo ndi ya mtundu umene umakula ndi mahomoni achizimayi, ndipo anawapatsa piritsi loyera lotchedwa tamoksifeni, limodzi tsiku lililonse kwa zaka zisanu, kuti matenda asabwerere. Tinaganiza kuti nkhondo yatha. Kutchalitchi amayi anavina atavala duku latsopano.

Piritsi lija linayamba ndi kutentha. Thupi lawo linkayaka mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, ngakhale mu Juni anthu onse atavala majuzi. Tulo tinayamba kudukiza. Zimenezi anatiuziratu kuchipatala, ndiye sitinadabwe. Chimene sitinkachidziwa ndi cha m'mutu.

Mawu anayamba kuwathawa. Amatha kutambasula dzanja n'kunena kuti, "Nipase chija, chija, ujeni uja," kumachita kuloza, pamene akufuna singano, chinthu chimene achigwira moyo wawo wonse. Kasitomala wakale akafika, amamulandira ndi chimwemwe chachikulu mopitirira, ine n'kudziwa kuti dzina lawatayika. Ndipo muyenera kudziwa kuti amayi ankatchuka pamsika chifukwa chosalemba miyezo. Akakuyezani kamodzi, chiuno chanu chinkakhala m'mutu mwawo mpaka mutabereka. Mutu umenewo ndiwo unkatidyetsa.

Pambuyo pa sizasi panabwera makiyi m'ndowa ya ufa. Kenako foni m'dengu la zochapa. Kenako ndiwo zothiridwa mchere kawiri, ndi ketulo imene inawira mpaka kuuma n'kuda pansi. Chilichonse ndinkavomera kuti ndine. Inasanduka ntchito yanga. Ndinkapeka ndi zifukwa zomwe: makiyi ndinafuna kuona ngati angamere, foni inali ndi litsiro. Amayi ankakalipa, n'kuponya patapata, n'kuphonya, kenako nkhope yawo inkamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo. Chaka chimenecho mbiri yanga inakula kwambiri osakhetsa thukuta. Azakhali anga a ku Chelstone, alongo awo a malemu bambo, ankabwera Lamlungu lililonse, ndipo ankandiloza ndi chala.

"Uyu mwana ni satana. Amai ake odwala, iye ni maseweela chabe. Mulamu, nipaseni nikamuongole."

Sindiname, zinkandikomerako. Ndi anthu ochepa amene amatamandidwa pa ntchito imene sanagwire. Koma ndikakhala m'kalasi ndinkaganizira za ketulo ija, ndi mbaula, ndi nsimbi imene amayi amasitira nayo zovala za anthu.

Mu Januwale, mvula ili pakati, panachitika chinthu chimene sindikanatha kuchisenza. Mayi wina wa ku Woodlands anabweretsa chitenge chamtengo wapatali, chochokera ku Congo, kuti amusokere diresi la pa kichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mwana wake wamkazi. Amayi anamuyeza monga mwa masiku onse, osalemba. Patapita masiku anadula nsaluyo ndi miyezo ya munthu wina, wochepa thupi. Nsalu ikadulidwa yadulidwa. Ine ndinali kusukulu, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Mayi uja analalata pakati pa msika, atelala anzawo ataimitsa makina kumvetsera. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kudutsa pashopu ya amayi atayang'ana kumbali.

Sabata yotsatira amayi anakwera minibasi kupita ku City Market kukagula mazipi ndi nsalu ya m'kati. Anandiuza pambuyo pake kuti atatsika anaima pakati pa anthu, mawilibala akuwagunda m'miyendo, osakumbukira chimene anadzera. Anabwerako ndi tomato. Ndinawapeza atakhala pakhonde, tomato ali pamiyendo, nsapato osavula.

"Yapita ku mutu," anatero, osandiyang'ana.

Ndinadziwa chimene ankaganiza. Nthawi ya kemo tinkakhala pabenchi ndi mayi wina wa ku Matero, woseketsa kwambiri, amene khansa yake inafalikira kumutu. Anayamba kusokoneza mayina a ana ake, ndipo tsiku lina malo ake pabenchi anakhalapo munthu wina. Amayi sankamutchula, koma sanamuiwale. Pa zinthu zonse zimene mutu wawo unkataya, chimenechi unachisunga.

Azakhali anali ndi yankho lawo. "Ni mapilisi aya. Kuli mukazi kwathu ku Chelstone anafuntha nayo, misala. Siyani, mulamu, tiyeni kwa apulofeti akupempheleleni." Ine ndinkawaona amayi m'mawa uliwonse akutulutsa piritsi, kuliika pakamwa, kapena ndinkaganiza choncho, n'kumwera tiyi. Ndinkakhulupirira kuti mawu a azakhali alowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chimene chinaulula zoona ndi nyemba za azakhali. Iwo amakonda nyemba zoyera, ndipo ine ndinali nditaganiza kwa nthawi yaitali kuti batani loyera la malaya silisiyana kwenikweni ndi nyemba yoyera, makamaka m'thumba. Tsiku lina mu Malichi, amayi ali kumsika, ndinatsegula chitini chawo chakale cha mabisiketi mmene amasungamo mabatani, n'kuyamba kusankha oyera okhaokha. Ndinatola limodzi lopanda maboo. Kenako lina. Ndinakhuthulira chitini chonse pabedi. Anali mapiritsi, odzaza chikhatho changa. Tsiku lililonse ankalibisa m'dzanja, kumwa tiyi yekha, n'kukaliponya m'chitini.

Ndinakhala pabedipo nthawi yaitali. Ine amene ndimanyadira kuti palibe angandipusitse, ndinali nditapusitsidwa m'nyumba mwanga momwe, ndi munthu amene ankati mutu wake sukugwira. Tsiku lina ndikanaombera m'manja. Tsiku limenelo ndinkangoona bala la pachifuwa pawo, ndi bere limene linatsala.

Atabwera ndinawaonetsa. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa patapata.

"Nikamwa, mutu ufa," anatero. "Telala alibe mutu azadya chani? Iwe uzaphunzila na chani?"

"Nanga ikabwela futi, Amama? Tiyeni ku chipatala tikafunse."

"Sinipita. Akaniuza kuti ili mu mutu, nizachita chani? Niisiye chabe, nisaziwe."

Tsiku lawo lokaonana ndi adokotala linali kutali, mu Juni. Ndinawapempha masiku angapo, mwaulemu, ngati mwana wabwino. Sizinathandize. Ndinaona kuti ulemu si luso langa, ndipo ndinabwerera ku chimene ndimachidziwa.

Kuchipatala kuja kuli namwino wina, a Sisita Bwalya, amene ankawabaya dripi nthawi ya kemo ndipo ankakonda maduku amene amayi ankasoka. Lachiwiri lina ndinafika kunyumba ndikupuma mothamanga.

"Amama, nakumana na ba Sisita Bwalya pa njila. Mwana wao ali na kichini pate. Afuna muwasokele, koma ati mubwele ku nchito mukawapime, alibe nthawi."

Chichitikireni nkhani ya mayi wa ku Woodlands, palibe amene anali atawapatsa diresi la pamwambo. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo pang'ono ndikanabweza mawu. Sindinabweze. M'mawa mwake anasita diresi lawo labwino, n'kuika tepi ndi choko m'chikwama. Ine ndinatenga kadi lawo lachipatala pansi pa nsalu ya patebulo, ndi chitini cha mabatani. Atandifunsa za sukulu ndinati ndi tsiku la masewero. Bodza limenelo linali la mbasela, longowonjezera.

Titafika, amayi ali mkati mopatsana moni ndi mayi wina wodikira, ndinaika kadi pamulu. Tinakhala pabenchi lomwe lija. Panali fungo lomwe lija la mankhwala okolopera, amayi ovala maduku, amuna atanyamula mafulasiki, wailesi yakanema yopanda mawu. Dzuwa linakwera.

"Manje tikhalila chani pa laini monga odwala?" anafunsa amayi.

"Ba Sisita ali bize. Azatiitana."

Anatiitanadi, ndi dzina lonse la amayi, monga aitanira odwala. Amayi anandiyang'ana. Sindidzaiwala diso limenelo. Koma pamaso pa anthu sakanatha kuthawa, ndiye anadzuka.

"Ba Phiri, shani?" anawalonjera motero a Sisita titalowa. "Si siku yanu lelo."

"Nabwela kukupimani," anayankha amayi, tepi ili m'manja.

A Sisita sankadziwa chilichonse. Sindinawauze, chifukwa munthu wamkulu ukamuuziratu amawononga. Ndinangoika chitini patebulo n'kuchitsegula. Anayang'ana mapiritsi pakati pa mabatani, anayang'ana tepi, kenako ine. Atatero anaimirira n'kukweza mikono.

"Pimani, ba Phiri. Apo mupima, muniuze munaleka liti kumwa."

Amayi anazunguliza tepi m'chiuno mwawo, ndipo ali chigwirire choncho anayamba kulira. Ananena zonse, za sizasi, za nsalu ya ku Congo, za tomato, za mayi wa ku Matero. A Sisita sanatsitse mikono mpaka amayi atamaliza. Pambuyo pake ndinamva kuti ana awo onse ndi aamuna.

Tsiku lomwelo tinaonana ndi adokotala. Anawafunsa amayi ngati mutu umawawawa, ngati amasanza, ngati dzanja kapena mwendo umafooka, ngati maso amaona bwino. Anawauza mawu angapo kuti awasunge, n'kuwafunsanso patapita kanthawi. Anawajambulitsa wotchi papepala. Anafunsa za tulo, ndiponso ngati mtima wawo umakhala wolemera. Kenako anatenga magazi ndi kulemba kuti akaunikidwe m'mutu ndi makina. Anati piritsi aliyambirenso, koma azimwa madzulo.

Kumakina kunali mzere wautali, ndipo tinadikira masabata. Nthawi imeneyo inali yowawa kuposa ya kemo, chifukwa pa kemo tinkadziwa chimene tikulimbana nacho. Amayi anasiya kundilankhula. Ankangondiikira chakudya patebulo n'kuchoka. Madzulo ndinkawapatsa piritsi ndi madzi, n'kuima pomwepo mpaka atameza, iwo n'kutsegula pakamwa kundionetsa lilime mwaukali ngati mwana. Ndikamva foni yawo ikulira, ndinkathamanga kukaona ngati ndi akuchipatala. Ndinkadzifunsa kuti ngati khansa ilidi kumutu, kodi adzandikhululukira chifukwa chowakokera kukamva chimene sankafuna kumva?

Zotsatira zinatuluka mu Epulo. M'mutu munalibe chotupa. Magazi okha ndiwo anali ochepa. Adokotala anatifotokozera modekha kuti piritsi lija limatsekereza mahomoni amene khansa imakula nawo, koma ubongo nawonso umagwiritsa ntchito mahomoni omwewo, choncho amayi ena amamva ngati m'mutu mwachita nkhungu. Anati kemo nayo imasiya zotsalira zake, ndipo kusowa tulo, kuchepa magazi ndi nkhawa zimawonjezera.

"Si misala, mayi," anatero. "Ndipo simuli nokha. Chikakuvutani, bwerani tikambirane, njira zilipo. Koma musasiye mwakachetechete. Piritsi limeneli ndi mlonda wanu."

Anawapatsa mankhwala owonjezera magazi. Anati aziyenda tsiku lililonse, azichita chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chilichonse chikhale ndi malo ake. A Sisita anawalowetsa m'kagulu ka amayi omwa piritsi lomwelo, amene amakumana kuchipatala kamodzi pamwezi. Tsiku loyamba amayi anabwerako akuseka, ati kuli mphunzitsi wa ku Kabulonga amene anafika kuntchito atavala nsapato zosiyana. Kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire chaka.

Chovuta kwambiri chinali kulemba miyezo. Kwa iwo zinali ngati kuvomereza kugonja. Pomaliza anapeza njira yawoyawo: amalemba ndi choko kuseri kwa nsalu ya mwini wake, dzina ndi miyezo, mwiniwakeyo asanachoke. Sizasi anaimangirira kumakina ndi chingwe cha chitenge. Diresi loyamba kusokedwa mwanjira imeneyi linali la a Sisita Bwalya, amene anati poti ayezedwa kale, si bwino miyezo ipite pachabe.

Kuyenda tinkayendera limodzi ndikaweruka kusukulu, kuzungulira Kabwata dzuwa litapepa. Tsiku lina, tikudutsa pamene amagulitsa makala, amayi anayamba okha.

"Unali kuganiza siniziwa?"

"Chani, Amama?"

"Sizasi mu filiji. Makiyi mu unga. Sizinali nchito zako zija. Zako zimakhala na mutu na muchila. Zija zinali zopusa."

Ndinaima. Kunena zoona, m'moyo wanga wonse palibe amene anayamikirapo luso langa chotere.

"Nanga patapata munali kuniponyela chani?"

"Unaona inakumenyapo?" anatero, n'kupitiriza kuyenda.

Lero amayi akumwabe piritsi lawo, ndipo zaka zake sizinathe. Sindinganene kuti mutu wawo wabwerera mwakale. Mayina amawathawabe, makamaka akagona mochedwa kapena pashopu pakadzaza anthu olankhula nthawi imodzi. Thukuta lija limabwerabe. Mayi wa ku Woodlands sanabwererenso, koma ena abwerera. Nthawi iliyonse tikamapita kukaonana ndi adokotala mantha amakhalapo, ndipo ndikuganiza kuti sadzatheratu. Azakhali amati ndi mapemphero a apulofeti amene anathandiza. Sinditsutsana nawo, chifukwa sanandikhululukirebe za mabatani amene anapeza m'nyemba. Inde, ndinakaikamo ndithu. Ntchito ukaiyamba uziimaliza.

Kwa inu amene muli ndi mayi, mlongo kapena mkazi amene akumwa mankhwala otere, ndikuti muziyang'ana. Akayamba kuiwala, musamuseke, musamuuze kuti wapenga, ndipo musadikire tsiku lolembedwa pakadi. Pitani naye msanga akafotokoze, chifukwa mwina n'chinthu chothandizika, ndipo ngakhale chitakhala chachikulu, n'kwabwino kuchipeza chisanakule. Inunso amene mukumwa, musabise piritsi. Nenani. Ngati wodwala wanu akukana kupita, ine sindinganene kuti mumunamize. Ndingonena kuti ine ndinatero, ndipo ndikhoza kuteronso mawa.

Sabata yatha ndinathira mchere m'chitini cha shuga. Kanali koyamba kuchita zotere m'nyumba mwathu chichitikireni zonsezi, ndipo ndinabisala kuseri kwa chitseko. Amayi anamwa tiyi kamodzi. Sanayang'ane kapu modabwa, sanakhale chete kudzifunsa ngati ndi iwo. Anakuwa nthawi yomweyo.

"Tiyanjane!"

Patapata linandipeza pakati penipeni pa msana.